Pamene sitima inasiyira, njinga zinayambira pomwepo

Abale anga a m'gulu lino, sabata ino tiyeni titsikire kwathu kuchigwa. Ndikudziwa kuti ambiri a inu mukamva za Chikwawa ndi Nsanje mumaganiza za madzi osefukira ndi dzuwa loswa mtengo. Mukamvanso za anyamata a kabaza wa njinga zamoto mumapukusa mutu, amvekere: "Ana osamva amenewo, adzatimaliza." Sindikutsutsani zonse. Koma musanaweruze, bwerani muone kumene anyamatawa amasonkhana, ndi chimene chimawasonkhanitsa.

Choyamba mudziwe malo. Pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire pali Chiromo. Lero mutha kudutsapo osadziwa kuti munali m'tauni, komatu m'masiku a atsamunda linali khomo la dziko lino. Sitima zapamadzi zochokera ku Zambezi zinkakocheza pamenepo. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, inadutsa pa Chiromo n'kufika ku Blantyre mu 1908. Mlatho wa Dona Ana utatha mu 1935, katundu ankatsika mpaka ku Beira osatsitsidwa panjira. Agogo athu ankakweza thonje pa Bangula, ena n'kukwera okha kukasaka ntchito.

Mu 1997 madzi anakokolola njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo amene mpaka lero timati Mtayamoyo. Dzinalo likukwanirani. Sitima ya ku Limbe inayamba kuthera pa Makhanga, ndipo madzi a mu 2015 anadula Makhanga yemweyo. Doko la Nsanje linatsegulidwa ndi nthungululu mu 2010, koma sitima zomwe tinkadikira sitinazione. Sitima yooneka ndi maso ndi ya malasha a ku Moatize, imene imadutsa kumtunda kwa Chikwawa kupita ku Nacala. Imeneyo sinyamula mayi wapakati kapena thumba la chitowe.

Ndiye akunyamula ndani? Ndi anyamata omwe aja. Mukatsika minibasi pa Thabwa kuti mulowere tsidya la kummawa, ku Livunzu, Masenjere mpaka ku Fatima, amene amakulandirani ndi iwo. Namondwe Ana atadula msewu wa M1 mu Januwale 2022, ndi Freddy atabwereza zake mu Malichi 2023, galimoto zinkaima pamene msewu wathera. Njinga ankaikweza m'bwato, kutsidya n'kuilizanso.

Mng'ono wanga ndi mmodzi wa iwo. Ali m'kalabu ya pa siteji yawo, momwe aliyense amasonkha kangachepe sabata ndi sabata. Anthu akagulitsa chitowe ndi thonje, ndalama zikuyenda, makalabu angapo oyandikana amapangana tsiku lokumana. Chaka china anandiuza kuti, "Achimwene, inu mumalemba za anthu akutali. Bwerani mudzaone anzanga." Ndinapita.

Anakumana pa Bangula, chapafupi ndi njanji yakale yomwe udzu unali utaikwirira. Anabwera a ku Ngabu, a ku Sorgin, a kwa Tengani, ena anaoloka ndi bwato kuchokera ku Makhanga. Munthu umayamba kumva mahutala, kenako fumbi, kenako mzere wa ma Lifo ndi ma King Lion, ambiri ogulidwa ku Mozambique. Njinga iliyonse inali ndi chake: ina yomangidwa nsanza zamitundumitundu pa hendulo, ina ya sipika yaikulu ngati ya pa ukwati, ina yolembedwa dzina la mwana wa mwiniwake pa madigadi. Chisena ndi Chimang'anja zinkangosakanikirana. Mbuzi inagwa, amayi a mandasi ndi thobwa anagulitsa mpaka mabeseni kuyera.

Koma chimene ndikufuna mumve chinachitika injini zitazimitsidwa. Atcheya, bambo wa imvi amene anayamba ndi njinga yakapalasa, anaima pansi pa mtengo wa nimu n'kutsegula kope. Anayamba ndi ndalama: zalowa zingati, wabwereka ndani, wabweza ndani. Kenako anatchula maina a anzawo amene chaka chimenecho sanafike. Wina anawombana ndi ng'ombe usiku. Wina anagundidwa ndi lole. Wina ali moyo koma mwendo anausiya kuchipatala. Pa dzina lililonse, anyamata aphokoso aja anangoti zii, zipewa m'manja. Mkazi wamasiye wa mmodzi wa iwo anaitanidwa kutsogolo, anamupatsa envulopu. Anangoti, "Takhuta," mawu osamveka bwino, n'kubwerera kukakhala.

Atcheya atatseka kope anati, "Ana anga, thumba ili si la munthu wofera kachasu. Amene agwe ataledzera, kapena wopanda helemeti, tidzamuzonda ndi manja okha." Panali kung'ung'udza. Mnyamata wina anadzuka n'kunena kuti, "Madala, mu Okutobala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40. Helemeti imaphika mutu." Iwo anayankha kuti thukuta limauma, koma mutu ukasweka palibe wowotcherera. Anaseka, anavota pokweza manja, lamulo linadutsa.

Taganizirani zimenezo. Lamulo la helemeti, laisensi ndi kulembetsa njinga lilipo kale m'dziko muno. Koma wapolisi amaima pa rodibuloko imodzi, ndipo mnyamata amadziwa tinjira khumi tomuzembera. Mnzake wa pa siteji sangamuzembe. Amadziwa amene wayamba kumwa m'mawa, amene mabuleki ake atha, amene akukweza anthu atatu ndi mbuzi pamwamba. Ndipo ndi yemweyo amene adzanyamule bokosi. N'chifukwa chake ndimati amene akufuna kuchepetsa ngozi za kabaza ayambire pa makalabu amenewa. Maphunziro a pamsewu apite kumene anyamatawa asonkhana kale, ndipo mtengo wa laisensi ukhale woti munthu wopeza ndalama ya tsiku limodzi angaufikire.

Mbali ina ndi yathu, inu ndi ine okwera. Ndi kangati mwamuuza wakabaza kuti, "Aise, thamangitsa, ndachedwa"? Ndi kangati mwakana helemeti poopa kuononga tsitsi? Ndi kangati mwanenerera mtengo mpaka mnyamata watsala ndi ya mafuta okha, kenako n'kudabwa kuti akuthamangira kasitomala wina? Ambiri a iwo njinga si yawo, madzulo aliwonse mwiniwake amadikira yake. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, koma nthawi zambiri wothamangitsayo amakhala atakhala kumbuyo.

Ntchito yokonza njanji kuchokera ku Marka kulowera ku Bangula inayambika, ndipo tonse tikufuna kudzamvanso kulira kwa sitima. Ngakhale idzafike, sidzalowa m'mudzi mwanu kukatenga wodwala pakati pa usiku. Adzapite ndi mnyamata wa njinga. Ndiye mawa mukamakwera, kaya muli ku Nchalo, ku Mzuzu kapena ku Area 25, mufunseni dzina, mufunseni helemeti, ndipo mumuuze kuti simukufulumira. Kwanuko makalabu otere alipo? Tiuzeni momwe amayendetsera zinthu.