Adilesi ya mu komboni sikwana mu kabokosi

Pulogilamu iliyonse yolembela maoda imene tayesapo imayamba na mafunso atatu amodzimodzi: dzina la msewu, nambala ya nyumba, na postal code. Lachitatu ndiye losavuta kuyankha, koma silithandiza aliyense. Kuno ku Lusaka timangolemba 10101, kaya munthu akhala ku Kabulonga kaya ku Chibolya. Manje ngati pulogilamu igawa mitengo yotumizila katundu potsatila nambala imeneyi, kwa iyo mzinda wonse ni nyumba imodzi.

Tili anayi mu kagulu kathu. Timagulitsa nsapato na zikwama za salaula pa WhatsApp na Facebook, kunja kwa nchito zathu zina. Maoda atachuluka, kabuku kanaleka kukwanila, ndiye tinalowa mu pulogilamu. Kuika zithunzi na mitengo kunatenga tsiku limodzi. Gawo la kutumiza katundu linatitengela milungu iwili, ndipo nthawi yambili tinali kukangana.

Kwa amene simunafikeko, zimayenda motele. Umapanga ma zone, kutanthauza zigawo za malo, ndipo zone iliyonse umaipatsa njila zake: mtengo umodzi wosasintha, mtengo wotsatila kulemela kwa katundu, kutumiza kwaulele munthu akagula zopitilila ndalama zakutizakuti, kapena kubwela kudzatenga yekha. Kasitomala akalemba kumene akhala, pulogilamu imayang'ana mndandanda kuchokela pamwamba ndipo imaima pa zone yoyamba imene yagwilizana. Ikasowa, imamuuza mu Chizungu chaulemu kuti kwanu sititumiza. Sinenako chifukwa. Pa kantemba ukhoza kudandaula, mwini n'kukuchotselako K5. Foni simva madandaulo.

Anzathu amene anayamba kale malonda aya anatilangiza mwachidule: Kanyama, John Laing, Misisi na Chibolya musaikeko, kapena muike mtengo wowilikiza kawili. Zifukwa zawo sizinali zabodza zonse. Mvula ikagwa, madzi ku Kanyama amaima masiku, chifukwa malo ni athyathyathya ndipo pansi pali mwala. Nyumba zambili zilibe nambala yooneka pa geti. Ena mwa anyamata a njinga zamoto amaopa kulandidwa foni kukada. Koma titayang'ana mu kabuku kakale, theka la amene amagula nsapato zathu ni a kumeneko, ndipo awili mwa ife tinakulila komweko. Taonaninso Mtendere na Kabulonga: ni oyandikana, mafuta amene njinga imadya ni amodzi. Ngati wa ku Mtendere alipila zambili kuposa wa ku mayadi, ndiye kuti alipilila mbili ya komboni yake.

Choncho tinagawa mzinda potsatila misewu imene njinga imadutsa. Kum'mawa ni Great East Road na zonse zopatukila kumeneko, Kalingalinga, Mtendere, Kabulonga, Kaunda Square mpaka Chelstone. Kumwela ni Kafue Road: Misisi, John Laing, Chawama, Makeni. Kumadzulo ni Los Angeles Road na Mumbwa Road, kumene kuli Chibolya na Kanyama. Kumpoto ni Great North Road na Lumumba Road: Matero, Chaisa, Mandevu, Kabanana. Mu mbali iliyonse muli mitengo iwili chabe, wa pafupi na wa patali, kuwelengela kuchokela ku Kamwala kumene timasungila katundu. Malo a postal code tinaikapo mndandanda wa maina a makomboni kuti munthu angosankha lake.

Kabokosi ka adilesi tinakasintha dzina. Manje kamafunsa kuti, "Tikupezani bwanji?" Nzelu imeneyi inachokela ku wailesi kumene ena a ife timathandizako. Tikamawelenga zilengezo za malilo, palibe amene amatumiza nambala ya poloti. Amati nyumba ili kumbuyo kwa chalichi, mukapitilila chigayo, geti ya buluu, ndipo anthu mazana amafika osasokela. Adilesi ya mu komboni ilipo, ni yaitali chabe, ndipo imafuna malo olembapo mizele itatu. Tinawonjezela kuti atumize pin pa WhatsApp, na nambala yachiwili ya m'bale kapena neba. Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo malaiti n'kumapita pafupifupi tsiku lonse, chinatiphunzitsa kuti foni yozima sitanthauza kuti kasitomala wathawa.

Nyengo ya mvula ili na njila yake, imene timaitsegula mu Disembala n'kuitseka mu Malichi. Kumene madzi aima, katundu amafika pa malo okumanilapo m'mbali mwa tala, pa filling station kapena pa booth ya mobile money imene onse aidziwa, ndipo mtengo umatsikako chifukwa kasitomala wayendako pang'ono.

Kutumiza kwaulele tinakukana. Pa sikilini kumaoneka bwino, koma mafuta sagulidwa na mau, ndipo amene amafinyidwa pamapeto ni mnyamata wa njinga. Mitengo tinaikambilana na anyamata awili amene amatinyamulila, ndipo iwo ndiwo anati maulendo akhale awili pa tsiku, wa 10 hours na wa 14 hours, kuti asabwelele mumdima komanso kuti maoda a msewu umodzi apite pamodzi. Oda yolowa 14 hours itakwana, pulogilamu imailembela mawa.

Kunja kwa Lusaka nkhani ni ya mabasi a pa Intercity. Chipata ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570, ndipo basi imadutsa Nyimba, Petauke, Sinda na Katete, ndiye zonsezi tinaziika mu njila imodzi. Kumeneko munthu amayamba walipila pa Airtel Money kapena MTN MoMo, ndipo amakatenga yekha pa siteshoni. Kulipila katundu atafika tinakusiyila mu tauni.

Chimene tikali kukangana mpaka lelo ni ichi: njinga yafika pa geti ya buluu, foni zonse ziwili sizikuyankhidwa, mnyamata wadikila mphindi 20 n'kubwelela. Ulendo wachiwili alipila ndani? Pulogilamu ili na kabokosi ka mtengo wobwelezela, kofuna nambala imodzi. Awili mwa ife afuna K20, wina afuna mtengo wonse, wina akuti agogo amene anapita ku chipatala mwadzidzidzi sangalipilitsidwe kawili. Kabokosi kameneko tikali kukasiya kopanda kanthu, ndipo mnyamata wa njinga timamulipila kuchokela m'thumba la kagulu.