Chishalo chikatalika, mlangizi safika kumudzi

Mvurwi ndi tauni yaing'ono m'boma la Mazowe, m'chigawo cha Mashonaland Central, makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa Harare. Mapulazi a fodya ozungulira tauniyi ndiwo anakoka anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo zidzukulu zawo zikadali m'makomponi mpaka lero. Chiyambire kugawidwa kwa minda m'chaka cha 2000, pamene panali mlimi mmodzi pali alimi ambirimbiri. Mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo wofuna kuwafikira onse amadalira njinga yamoto.

Vuto n'lakuti njinga zoyendera m'minda zinapangidwira anthu aatali. Mwachitsanzo, chishalo cha Yamaha AG200 chili masentimita opitirira 80 kuchokera pansi. Munthu wamfupi akaima amangogunda dothi ndi nsonga za zala. Pamsewu watala zimenezi zimapiririka, koma mumchenga wa m'minda ya fodya kapena m'matope a m'dzinja, phazi likasowa popondera njinga imagwa, n'kupanikiza mwendo wa woikwerayo.

Izi n'zimene zinachitikira mayi wina wogwira ntchito za umoyo m'mapulazi a kuderali, mdzukulu wa munthu wa ku Dedza. Atagwa kawiri, anayamba kuisiya njinga kukiliniki n'kumayenda pansi. Sanauze aliyense, poopa kuti anganenedwe kuti ntchito yamukanika. Makomponi akutali anasiya kuwayendera, ana kumeneko sanakwerenso sikelo, ndipo odwala chifuwa chachikulu anasowa wowakumbutsa za mankhwala.

Amene anaona vutoli ndi mlamu wake, wokonza mipando ya m'nyumba. "Alamu, njingayi ilibe mlandu ayi," iye anatero. "Kapempheni chilolezo kwa akuluakulu anu kuti chishalochi tichiseme."

Chilolezo chitaperekedwa, ntchito inatha tsiku limodzi. Anamasula chishalo, n'kuzula ndi sikuludiraiva timawaya togwira chikopa chake kunsi. Atavundukula siponji, anachibwezera panjinga, mayiyo n'kukhalapo, ndipo mlamuyo analemba ndi cholembera pamene thupi limakhala ndi pamene ntchafu zimadutsa. Kenako anayamba kusema ndi mpeni wa buledi, kachidutswa kopyapyala nthawi imodzi, uku akumuyezetsa mobwerezabwereza. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha: siponji ukaisema mopitirira, kuibwezeretsa n'kovuta.

Nzeru yaikulu inali m'mbali. Ambiri amaganiza kuti chofunika n'kutsitsa pamwamba pokha, koma chishalo chotambalala kutsogolo chimatangadzitsa miyendo, motero mapazi safika pansi. Mlamuyo anachotsa masentimita atatu okha pamwamba, koma m'mbali mwa kutsogolo anasema kwambiri kuti miyendo izitsika molunjika. Kumbuyo, pamene pamakhala kulemera kwa thupi, anasiya motambalala. Sanafune kupyapyalitsa siponji mpaka kufika pafupi ndi pulasitiki yolimba yapansi, chifukwa pamsewu wa mabampu msana ndiwo ukanavutika.

Pomaliza anasalaza ndi sandipepa wokhakhala, n'kuyala pepala lapulasitiki pamwamba kuti mvula isamalowe m'siponji. Chikopa anachiyanika padzuwa kuti chifewe, ndipo pochibwezera anayamba kukhoma kutsogolo ndi kumbuyo, kenako m'mbali, akukoka mofanana kuti pasakhale makwinya. Timawaya anasankha tatifupi, toti sitingaboole mpaka pokhalira. Sabata yotsatira mayiyo anayambanso kufika kumakomponi akutali aja.

Pali phunziro kwa mabungwe ndi nthambi za boma zimene zimagula njingazi. Pogawa, ambiri amafunsa za laisensi, chipewa ndi mafuta, koma ndi ochepa amene amaimika wolandirayo panjinga kuti aone ngati mapazi ake akufika pansi. Ogwira ntchito ambiri m'midzi ndi amayi, ndipo si onse angaulule kuti akuchita mantha. Wokonza mipando amapezeka pafupifupi pamalo aliwonse a malonda, ndipo mtengo wa ntchitoyi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa njinga yongokhala m'nyumba yosungiramo katundu. Woyang'anira akaona njinga imene mita yake siikusuntha, asanadzudzule ulesi ayambe wapempha mwini wakeyo kuti akhalepo, kenako ayang'ane mapazi.