Nyumba ya Chipinda Chimodzi kwa Kabudula

Amayi anzanga, mwezi wa Juni ndidanyamuka ku Lilongwe kupita kwa Kabudula kukaona mng'ono wanga amene adasamukira kumeneko ndi banja lake. Adali atandiuza pa lamya kuti apeza nyumba yalendi yaikulu koma yosakwera mtengo. Ndidapita ndi mtima wofuna kukaona ndekha, pakuti zotsika mtengo sizilephera kukhala ndi pobisika pake.

Inali nyengo yokolola. M'mbali mwa msewu mtedza udali utayanikidwa pa mabwalo, ngolo za ng'ombe zikututa chimanga, ndipo m'zigafa mudali mutatsala fodya wochepa. Fumbi lidatikuta mpaka m'makutu.

Nyumbayo ndidaizindikira ndili patali. Ili ndi khonde lalitali la nsanamira za njerwa, malata achita dzimbiri, mazenera ali ndi zitsulo, ndipo zitseko zake ndi ziwiri zotsekukira mbali ndi mbali. Aliyense amene adakula kale angadziwe kuti mamangidwe otere ndi a sitolo za amwenye. Amalonda amenewa, ambiri ochokera ku Gujarat m'dziko la India, adafalikira m'misika ya kumidzi pa nthawi ya atsamunda. Amayi athu ankagula kwa iwo nsalu, mchere, sopo ndi mikanda, telala akupalasa makina ake pakhonde. Kuyambira 1970 boma la Dr Banda lidawalamula kuti achoke kumidzi, ndipo pofika 1978 malonda ao adali m'mizinda yokha monga Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Mu 2012 lamulo lofanana lidagweranso amalonda akunja, ambiri a iwo Matchaina. Mlendo ndi mame, koma zipupa zimene adamanga zimatsala.

Nditalowa ndidaima kakasi. Nyumba yonse ndi chipinda chimodzi, chopanda chipupa pakati, chopanda siling'i. Ukayankhula mawu amabwerera.

"Akulu, musadabwe," adatero mng'ono wanga. "Zipupa zake ndimamanga ndekha m'mawa ndi madzulo."

Sadaname. Pomwe padali kauntala adaikapo kabati ya mbale kuti ikhale malire a pabalaza. Kuseri kwake adamanga waya nakolekapo zitenje zinayi, ndipo kumeneko ndiko kuchipinda kwa iye ndi bambo. Pangodya ina adaimika mphasa pa nsungwi, ndipo ana awiri aang'ono amagona momwemo. M'mashelefu akale momwe munkakhala mitumba ya nsalu muli mapoto, mabuku a ana ndi nyemba za m'zitini. Nthawi yokolola amapinda mphasa, nakankhira mipando kukhoma, matumba a mtedza ndi chimanga n'kulowa onse osasowa malo. Tsiku la msonkhano wa amayi amachotsa zitenje, anthu makumi awiri n'kukhala bwinobwino. Pakhonde waikapo benchi ya mandasi ndi tomato, ndipo phindu lake limathandiza kulipira lendi.

Komabe usiku woyamba ndidaona chimene chimamuwawa. Chitenje chimatchinga maso, sichitchinga makutu. Mwana wake wamkazi woyamba ali ndi zaka 12, ndipo mwambo wathu sulola kuti mwana wosinkhuka azigona pomva kupuma kwa makolo ake. Kumudzi akadapita kukuka kwa agogo ake, monga anyamata amapitira kugowelo. Kuno agogo kulibe. Nkhani za m'banja, kaya ya ndalama kaya yosemphana mawu, amakakambira kudimba.

Adapempha mwini nyumba kuti amange chipupa cha njerwa. Iye adakana, nati mwina mawa abwera wina wofuna sitolo. Zoonadi nyumba ya mwini saotchera mbatata. Tsono tidakhala pansi ndi mlamu wanga, ndipo tidakumbuka kanyumba ka kuseri komwe kale ankasungiramo katundu. Tidapitanso kwa mwini nyumba tili ndi mboni ziwiri. Tidagwirizana kuti mlamu akonze denga ndi chitseko cha kanyumbako, ndalama zake zichotsedwe pa lendi ya miyezi iwiri, ndipo mtsikanayo azigonamo ndi msuweni wake wamkulu amene amaphunzira ku sekondale. Zonsezi tidazilemba pa pepala, aliyense nasainapo, kuphatikizapo mawu akuti wofuna kuthetsa panganoli adziwitse mnzake miyezi itatu isanakwane.

Kwa inu amene mungakopeke ndi nyumba zoterezi, yang'anani malata masana: pomwe pakulowa dzuwa padzalowanso mvula mu Januwale. Funsani za kutentha kwa mu Okutobala, pakuti popanda siling'i malata amaotcha ngati chiwaya. Tsekani mauna a makoswe musanalowetse chimanga. Onani chimbudzi ndi bafa, ndi mtunda wa kumjigo. Koposa zonse werengani zaka za ana anu musanawerenge ndalama za lendi.

Tsiku lobwerera ndidadzuka mbandakucha. Ndidapeza mng'ono wanga akupinda zitenje zake chimodzichimodzi, kuwala kukulowa pa zitseko ziwiri zija, mafuta a mandasi akuwira kale pakhonde. Kuseri, mlamu wanga adali pamwamba pa kanyumba kaja, misomali ili kukamwa.