Kachisi amene anathawa madzi

Bambo anga akukana kusamuka. Madzi a Shire anawagwetsera nyumba mu Januwale 2015, n'kubwerezanso mu Malichi 2023 ndi namondwe uja wa Freddy, koma yankho lawo ndi lomwelo: "Amako ndi agogo ako ali kumandaku, ndiwasiyire yani?" Tinakangana zedi, mpaka ndinawayankhula mawu amene mwana sayenera kuuza kholo lake. Mkwiyo umenewu ndinakwera nawo ndege popita ku Hanoi, likulu la Vietnam, kumsonkhano wa alembi.

Tsiku lomaliza mnzanga wa komweko ananditengera ku Trấn Quốc, kachisi wa Abuda amene amati ndi wakale kuposa onse mumzindawo. Ali pakachilumba m'nyanja ya Hồ Tây, ndipo timafikapo poyenda pakamsewu kolumikiza chilumbacho ndi mtunda. Choyamba kuoneka ndi nsanja yofiira yosanjikiza ka 11, yotalika mamita 15, yomangidwa mu 1998. Chamkati muli mtengo wa bodhi, mbale wake wa mkuyu, mphatso ya Rajendra Prasad, pulezidenti wa India, mu 1959. Amati ndi mphukira ya mtengo wa ku Bodh Gaya womwe Buddha anakhala patsinde pake. Amayi achikulire ankauzungulira mwakachetechete, lubani akufuka.

Ine ndinkangojambula zithunzi ngati mlendo aliyense, mpaka mnzangayo anati: "Ukudziwa, kachisiyu sanayambire pano." Anamangidwa cha m'ma 540, m'nthawi ya mfumu Lý Nam Đế, m'mphepete mwa mtsinje waukulu umene pa Chingerezi amati Red River. Dzina lake linali Khai Quốc. Patapita zaka zoposa 1,000 mtsinje unayamba kudya gombe, ndipo mu 1615 anthu anamusamutsira pachilumbapa.

Abale, ndinakhala pansi. Anthu aja sanamusiye kachisi wawo kuti amire, komanso sanakhale phee kudikira kuti amire naye. Anasamuka naye, basi. Pabwalo lomwelo pali tinsanja tanjerwa momwe amasungamo phulusa la amonke akale, moti akufa ali pakati pa amoyo.

Ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwauza bambo za malata, za simenti, za puloti kumtunda. Za manda sindinawafunsepo n'kamodzi komwe, ngati kuti amayi anga omwe sindinawalire.

Nditabwerako ndinapita kumudzi ku Chikwawa. Tinakhala pamphasa, ine n'kuyamba ndi kupepesa. Kenako ndinati: "Bambo, titakhala pansi ndi a mfumu ndi akuluakulu a banja, kodi mwambo ungalole kuti amayi ndi agogo tisamuke nawo?"

Anakhala chete nthawi yaitali, maso ali kumtsinje. "Iwe," anatero, "ukanayamba ndi funso limenelo."

Sanavomere, koma sanakanenso. Nkhaniyi ili m'manja mwa amalume tsopano, ndipo mvula sidikira kuti anthu amalize kukambirana.