Galimoto za magetsi ndi ife a pa Msundwe

Pali nkhani zina zimene zimatipeza kuno kwathu ngati fungo la nyama yootcha kwa aneba: mphuno ikumva ndithu, koma m'mbale mwako muli nkhwani. Nkhani ya galimoto zoyendera magetsi ndi imodzi mwa nkhani zotere. Bungwe la International Energy Agency lidawerengera kuti m'chaka cha 2023 padziko lonse padagulidwa galimoto zotchaja pafupifupi 14 miliyoni, ndipo mu 2024 chiwerengerochi chidapitirira 17 miliyoni. Ndiye kuti pa galimoto zisanu zilizonse zatsopano chaka chimenecho, imodzi idali yolumikiza kukhoma ngati ayironi. Ku China kokha zidaposa 11 miliyoni. Ku Norway, pa galimoto khumi zatsopano, pafupifupi zisanu ndi zinayi zidali zosadziwa n'komwe fungo la petulo.

Tsono funso langa kwa inu awerengi a m'tauni, amene mwagula nyuzi ino pamphambano, ndi ili: m'ziwerengero zonsezi, ife tili pati? Ine ndine mwana wa pa Msundwe, pamsewu wa ku Mchinji, pakati pa Mpingu ndi Namitete. Ndimagona ku Lilongwe n'kumadyera cholembera, koma mchombo wanga udagwera kumeneko. Msewu umenewu ndidayamba kuuyenda ndili kumsana kwa mayi anga. Zodutsapo zake ndi mathiraki opita ku Chipata, maminibasi olemedwa ndi matumba, ma Sienta odzaza anthu mpaka m'buti, njinga zamoto za kabaza, njinga zakapalasa ndi ngolo zonyamula njerwa. Kupatula ng'ombe ndi miyendo ya wopalasa, zonsezi zimamwa mafuta odzera kudoko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ogulidwa ndi madola amene dziko lino limawapeza movutikira, makamaka pogulitsa fodya.

Tisanapite patali, tiyambe tasiyanitsa zinthu, poti galimoto zimene anthu amangozitcha "zamagetsi" zili m'mitundu itatu. Woyamba ndi hybrid wamba, monga Toyota Prius imene idatuluka ku Japan mu 1997, kapena mng'ono wake Aqua wa mu 2011. Iyi imamwa petulo ndithu, koma ili ndi batire imene imadzitchaja yokha galimoto ikamayenda ndiponso pogwira mabuleki, choncho mafuta imangonyambita. Kukhoma silumikizidwa ayi, ndipo m'ziwerengero ndatchula zija mulibe. Wachiwiri ndi plug-in hybrid, monga Mitsubishi Outlander PHEV ya mu 2013. Iyi umaitchaja usiku, imayenda makilomita 40 kapena 50 ndi batire yokha, batire ikatha injini ya petulo n'kulandira ntchito. Wachitatu ulibiretu thanki ya mafuta, monga Nissan Leaf ya mu 2010. Batire ikatha, basi, mwakhala pansi.

Mukayang'ana m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mtundu woyamba uja ndiwo wachuluka: ma Aqua ndi ma Fit ali mbwee. Mitundu iwiri inayi munthu amachita kuloza chala akaiona. Sikuti Amalawi ndife osachangamuka ayi. Nkhani ndi yakuti msika wathu wa galimoto ndi kaunjika. Pakaunjika susankha fasho, umavala chimene mwini wake wavula. Ambiri ogula galimoto kuno saiona m'sitolo ya magalasi. Amaiona pafoni ili ku Japan, itayenda kale zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi, n'kukaitenga ku Dar es Salaam, kulowa nayo pa Songwe. Choncho chimene Mjapani akugula lero ndicho ife tidzagule mkuja. Tsono Ajapani, ngakhale ndiwo adapanga Leaf, galimoto ya batire yokhayokha sadaikonde kwenikweni: mu 2024 zotere sizidafike ngakhale pa zitatu mwa 100 zilizonse zatsopano. Iwo mtima wawo uli pa hybrid wamba. Ukafuna kudziwa chifukwa chimene Aqua yadzazira ku Area 25, yankho lake lili ku Tokyo.

Nanga za ku China zochuluka zija? Paja iwo amayenda kumanja kwa msewu, chiwongolero chili kumanzere, pamene ife, monga Japan, Britain ndi South Africa, timayenda kumanzere. Kaunjika wawo satikhala bwino. Dziko la Ethiopia, limene mu 2024 lidaletsa kuitanitsa galimoto zing'onozing'ono za petulo ndi dizilo, limayenda kumanja ngati China, komanso lili ndi damu lalikulu la magetsi pamtsinje wa Blue Nile. Ife tiyang'ane ku Britain, kumene mu 2024 pafupifupi galimoto imodzi mwa zisanu zatsopano idali ya batire yokhayokha. Zikadzatopa kumeneko zidzakwera sitima. Koma batire ili ngati munthu, imakalamba. Leaf yoyamba ija inkasunga mayunitsi 24 a magetsi, ndipo ili yatsopano inkayenda makilomita pafupifupi 120. Ikafika kuno itachita imvi, kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mchinji kudzakhala kwamwayi. Za ku Blantyre, makilomita oposa 300, musaziganizire n'komwe. Ndipo ikadwala, makaniko wathu wa pansi pa mtengo wa mango, katswiri womva vuto la injini ndi khutu lokha, adzangoikanda mutu.

Mwina wina anena kuti, aaa, izi ndi nkhani za anthu okhuta, munthu wa pa Msundwe galimoto adzaigula liti? Tandimverani kaye.

Kumapeto kwa 2024, mafuta atasowanso monga zidachitikira mu 2011 ndi mu 2022, ine ndidali kumudzi. Mlongo wanga wamng'ono adali woyembekezera, ndipo nthawi yake idakwana pakati pa usiku. Mudzi wathu uli kutali ndithu ndi tala. Ndidathamangira kwa msuweni wanga amene amachita kabaza wa njinga yamoto.

"Asuweni, tulutsani njinga, kunyumba kwavuta."

"Asuweni, njinga ilipo, koma thanki ndi youma gwa. Dzulo ndinatenga chigubu kupita kutauni, ndabwerako chimanjamanja."

Mnyamata wogulitsa petulo wa m'mabotolo tidamudzutsa, koma naye adangotionetsa mabotolo opanda kanthu. Atsibweni anga sadachulutse zonena. "Mangani ng'ombe," adatero. Azimayi adayala mphasa ndi mabulangete m'ngolo, iwo n'kukwera ndi wodwalayo. Ine ndinkayenda patsogolo ndi nyali, poti mwamuna sayandikira zotere, koma kubuula kwa mlongo wanga ndinkakumva pa bampu iliyonse. Tidafika kuchipatala ku Namitete atambala akulira kachiwiri. Mulungu adatikomera mtima: kudabadwa mwana wamkazi, ndipo onse awiri ali moyo. Koma aliyense wa kumudzi akudziwa kuti si ngolo zonse zimene zimafika nthawi yabwino.

Nyali imene ndidanyamula usiku umenewo idali yotchajidwa ndi kasola ka padenga la atsibweni. Ndikuyenda mumdima muja ndidaona kuti pa zinthu zonse za makono za m'mudzi mwathu, nyali yokhayo ndiyo sinkadikira sitima ya mafuta ku Beira. Dzuwa la masana lidali m'manja mwanga pakati pa usiku. Dzuwa lomwelo, likadakhala ndi posungira pokulirapo, bwenzi litayendetsa njinga ya msuweni wanga.

Anzathu a ku Ulaya akamakamba za galimoto zamagetsi amakamba za utsi ndi kusintha kwa nyengo. Zoona, nkhaniyo ndi yathunso, mvula tikuiona m'mene yasokonekera. Koma kwa ife chimene chili pakhosi ndi dola. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nthawi zonse mtengo wa mafuta umatsatira pambuyo ngati mwana wa mbuzi. Petulo sitikumba kuno. Magetsi ndiye timapanga tokha: pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira mumtsinje wa Shire, ndiponso ndi dzuwa ku Salima, kumene malo a mamegawati 60 adatsegulidwa mu 2021, ndi ku Golomoti, kumene kuli mamegawati 20 pamodzi ndi mabatire osungira. Kilomita iliyonse yoyendera magetsi a pa Shire ndi dola imene yatsala m'dziko kuti igule mankhwala ndi feteleza.

Komabe walira mvula walira matope. Mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzimiririka, ndipo padatenga nthawi yoposa chaka kuti abwerere. Amene akadakhala ndi Leaf masiku amenewo bwenzi akuisandutsa khola la nkhuku. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo kumudzi sankakwana ngakhale asanu. Pa Msundwe penipeni mawaya alipo: chigayo chimalira, ometa tsitsi amatchajitsa mafoni a mudzi wonse. Koma tayendani pang'ono kuchoka patala kulowera ku Nsaru kapena ku Kabudula, muone m'mene mapolo amatheramo msanga. Galimoto yolumikiza kukhoma imafuna kuti khomalo likhale ndi moto.

N'chifukwa chake ine ndikuti magetsi adzafika pamsewu wa kwathu pa matayala awiri, osati anayi. Ku Kigali, kampani ya Ampersand ili ndi njinga zamoto za batire zimene akabaza sadikira kuti zitchajidwe: amafika pamalo, kusiya batire yakutha n'kutenga yodzaza, monga timasinthira botolo la chakumwa pagolosale. Ku Nairobi kukuyenda mabasi amagetsi a BasiGo. Batire ya njinga ndi yaing'ono, mapanelo a sola angapo padenga la sitolo akhoza kuidzaza, ngakhale kumalo kumene mawaya sadafike. Wakabaza amathera gawo lalikulu la ndalama za tsiku pa petulo, ndipo iyeyo ndiye ambulansi ya kumudzi, ndiye basi ya aphunzitsi, ndiye thiraki ya mayi wa tomato. Ngati pali munthu m'dziko muno amene batire ingamusinthire moyo, si bwana wa ku Area 10 ayi, ndi iyeyu.

Tsopano nayi nkhani imene imandisowetsa tulo. Chakumpoto kwa Msundwe, ku Kasiya, m'dothi lomwe timalimamo chimanga ndi fodya, mudapezeka miyala ya rutile ndi graphite. Mu 2022 kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals idalengeza kuti rutile wa ku Kasiya ndiye wochuluka kuposa kwina kulikonse padziko, ndipo graphite wakenso ali m'gulu la wochuluka kwambiri. Mu 2023 chimphona cha migodi, Rio Tinto, chidagulamo masheya 15 peresenti. Graphite ndi chakuda chija chili m'kati mwa pensulo, koma ndiyenso chimodzi mwa zofunika zedi m'batire ya galimoto yamagetsi: batire imodzi yaikulu imadya graphite wolemera ngati thumba la chimanga, pena kuposa. Ndiye kuti ziwerengero za ku China ndi ku Norway zija zili ndi njira yofika mpaka kumunda kwathu. Iwo akamagula galimoto zambiri, maso awo amayang'ana pansi pa mapazi athu.

Nditawafotokozera atsibweni zimenezi, adakhala chete kanthawi, akupichira chingambwe chawo. Kenaka adati: "Mphwanga, ine ndalima fodya zaka makumi atatu. Mabelo anga apita ku Kanengo, akwera sitima, akafika kumene ine sindidzafikako. Koma ndudu ya m'paketi sindinaigulepo. Tsono ukundiuza kuti dothi nalonso lipita ulendo womwewo?" Ndidasowa chowayankha. A ku Karonga adaona mgodi wa Kayelekera ukutsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014. Ife a ku Lilongwe tili ndi mwayi wofunsa mafunso khasu lalikulu lisanalowe pansi, poti madzi akatayika saoleka.

Zopempha zanga si zambiri. Mgodi ukadzayamba, mawaya opita kumgodiwo asadzadutse pamwamba pa midzi ya mdima ngati mbalame. Pasukulu ya ntchito zamanja ya Namitete Technical College anyamata ndi atsikana aphunzitsidwe za mabatire ndi mamota amagetsi, kuti kaunjika uja akadzafika adzapeze madokotala ake. Pachipata cha Songwe ndi cha Mchinji pakhale njira yoyezera moyo wa batire, tisasanduke dzala la mabatire akufa a mayiko ena. Ndipo amene amakonza za misonkho ndi ngongole akumbukire wakabaza asanakumbukire bwana, kuti mnyamata wa pa Mpingu kapena ku Nambuma athe kugula njinga ya batire pang'onopang'ono, monga anthu akugulira sola ya m'nyumba.

Inu a m'tauni mudzaziona posachedwa galimoto zopanda phokoso zikuchuluka pa Kamuzu Procession Road, ndipo manyuzipepala adzalemba kuti malonda akwera. Mudzasangalale, si tchimo. Koma ine chiwerengero chimene ndikudikira n'china: ndi njinga zingati pa Msundwe zimene zingathe kudzuka pakati pa usiku n'kunyamula wodwala, sitima ya mafuta itachedwa ku Beira.