Mwana sakana ndiwo zomwe wadzala yekha

Lero sindikamba za mapiritsi kapena jakisoni. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku lomwe ndinachita manyazi nditavala yunifomu, komanso za kadimba komwe tinayamba chifukwa cha manyaziwo.

Munali mu Meyi 2023, patangotha miyezi iwiri namondwe wa Freddy atasakaza kuno ku Mulanje. Inu a ku Muloza ndi a m'mbali mwa mitsinje ya Ruo ndi Thuchila simukufunika kukumbutsidwa. Minda inakwiririka ndi mchenga ndi miyala, nkhuku ndi mbuzi zinapita ndi madzi. Tsiku la sikelo ndinaima kutsogolo kwa amayi, tchati chili m'manja, n'kumatchula magulu asanu ndi limodzi a zakudya monga ndinawaphunzirira ku koleji: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Nditamaliza, mayi wina anakweza dzanja. Mwana wawo anali atatha miyezi itatu sikelo yake isakukwera. Anati, "Anesi, zonsezo tamva. Koma tatiuzani, tikazitenga kuti?"

Ndinasowa chonena. Ndinangoti, "Tiyesetse amayi," n'kuitana wotsatira pamzere.

Chomwe mayiwo sankadziwa n'chakuti kunyumba kwanga nakonso zinthu sizinali bwino. Mwana wanga wamwamuna, wa zaka zitatu pa nthawiyo, ankakana masamba alionse. Ndinkagula mpiru pa Chitakale, kuphika bwinobwino, iye n'kumangosunsa nsima mumsuzi, masamba n'kuwakankhira m'mbali mwa mbale. Ine ndiwo ndinali nazo koma mwana osadya. Mayi aja mwana wawo akanadya koma ndiwo kunalibe. Ndipo ine wophunzitsa anzangane ndinalibe ngakhale phando limodzi la bonongwe pakhomo.

Sabata yotsatira ndinakhala pansi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi momwe ndimakhala pamodzi ndi amayi a Care Group. Tonse tikudziwa kuti malo ndi ochepa kuno. Anthu tachuluka, ndipo dera lalikulu lili ndi minda ya tiyi. Koma kumunsi kwa mjigo wathu kunali kamalo komwe madzi otayika ankangopanga matope. Tinakagwada kwa amfumu ndipo anatilola. Tinayamba mabanja asanu ndi atatu, kuphatikizapo la mayi amene anandifunsa funso lija. Mbewu sitinagule zambiri. Agogo ena anali atasunga njere za bonongwe ndi maungu m'kachitini, wina anabweretsa khobwe, ine ndinagula kapaketi ka mpiru ndi ka tomato.

Sindikunamizani kuti zinayenda bwino kuyambira tsiku loyamba. Mbewu zitangomera, mbuzi zinalowa n'kumaliza zonse madzulo amodzi, chifukwa tinathamangira kudzala tisanamange mpanda. Titamanga wa nsungwi ndi udzu n'kudzalanso, panabuka mkangano wina. Ena ankabwera pa nthawi yothyola yokha, pothirira osaoneka. Amayi awiri anatha sabata osapatsana moni. Tinaitana msonkhano n'kugwirizana zinthu zitatu: banja lililonse likhale ndi bedi lake, kuthirira kukhale kosinthana masiku, ndipo bedi limodzi likhale la tonse, ndiwo zake zizipita ku sukulu ya mkombaphala ndi kwa mayi aliyense woyembekezera kapena wodwazika mwana. Kuchokera pamenepo mtendere unabwerera.

Nanga ana? Poyamba tinkawathamangitsa. Ankabwera nafe chifukwa kunalibe owasiyira, ndipo ankaponda mabedi, kuzula mbande, kusewera ndi madzi. Tsiku lina agogo a njere aja anandipeza ndikukalipira mwana wanga. Anati, "Mwanangu, dimbali mukulimira ndani? Mpatseni pake." Anatenga kamtengo, kulemba kamzere pakona, n'kupatsa mwana aliyense mapando ake atatu.

Mwana wanga anadzala bonongwe. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ankandikoka kuti tikaone ngati wamera. Ankathirira ndi kabotolo koboola pachitsekerero. Patatha pafupifupi mwezi anathyola yekha, kunyamula m'kambale mpaka kukhitchini, n'kuimirira pomwepo ine ndikutendera. Madzulo amenewo anadya mbale yonse, n'kuuza bambo ake kuti, "Musamalize, ndi ndiwo zanga." Ine zaka zonse zija ndinkamukakamiza ndi mawu, osadziwa kuti mankhwala ake ndi kumupatsa phando.

Tsono inunso mukafuna kuyesa, ntchito ikhale yolingana ndi msinkhu. Wa zaka ziwiri kapena zitatu mpatseni kachitini athirire, kapena atole masamba ouma oika pa manyowa. Wa zaka zinayi kapena zisanu angathe kuponya njere m'phando, makamaka zikuluzikulu monga za maungu, nyemba ndi khobwe. Pomwepo muziwerenga naye: njere zingati, masamba angati, tomato wofiira ndi uti, wobiriwira ndi uti. Imeneyo ndi sukulu kale. Wa ku pulayimale azule udzu ndi kulemba tsiku lodzala, koma akaweruka, osati kujomba chifukwa cha dimba. Kwa mwana, dimba likhale masewera a kanthawi kochepa, m'mawa kapena dzuwa likapepa. Khasu lalikulu ndi ndowa yodzaza ndi zathu akuluakulu.

Monga namwino ndiyeneranso kukuchenjezani. Chitsime kapena dzenje la madzi la kudimba likhale lotchinga, ndipo ndowa yamadzi isasiyidwe pafupi ndi mwana wokwawa, chifukwa madzi ochepa okha amatha kumiza khanda. Njere zing'onozing'ono mwana wamng'ono amaika m'mphuno kapena m'khutu, choncho muzikhala naye pafupi. Mankhwala ophera tizilombo asasungidwe m'botolo la zakumwa, ndipo ana asalowe m'dimba lopoperedwa kumene. Ife timangotola mbozi ndi manja ndi kuwaza phulusa. Manyowa akhale owolerana bwino. Pakhomo la dimba tinaika mpondagiya ndi sopo, ndipo palibe mwana amatuluka osasamba m'manja, pakuti m'dothi ndi momwe mumachokera njoka za m'mimba.

Mwina mukufunsa kuti kadimba kotere kangasinthe chiyani. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira. Ambiri mwa anawa sikuti amagona ndi njala tsiku lililonse. Amakhuta nsima ndi phala loyera, koma thupi limasowa zokulitsa ndi zoteteza ku matenda, makamaka m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Dimba laling'ono limatseka mipata ingapo nthawi imodzi. Bonongwe, nkhwani, chisoso, khwanya, chitambe ndi kholowa ndi zamasamba. Nandolo, yemwe amachita bwino kuno kwathu, tinamudzala m'mbali mwa mpanda, ndipo ndi wa gulu la zanyemba. Papaya mmodzi pakona ndiye zipatso. Mbatata yofiira mkati, monga Kadyaubwerere, Chipika ndi Anaakwanire, ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi, ndipo ana amaikonda chifukwa imatsekemera. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu za komwe mungapeze mbewu yake.

Kuphika nakonso n'kofunika. Masamba musawaphike mpaka kufiirira, ndipo soda kapena chidulo chimaononga mavitamini ena. Chigwada chokha ndiye chisinjidwe ndi kupsa mokwanira. Thirani nsinjiro kapena timafuta pang'ono, chifukwa vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi ya kuyamwa mwakathithi, sinjani masamba ophika n'kusakaniza m'phala lake, uku akupitiriza kuyamwa. Ndipo ngakhale tili kwawo kwa tiyi, musamupatse mwana tiyi pa chakudya, amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'ndiwo. Mpatseni papaya, gwafa, bango kapena chinanazi. Masamba akachuluka futsani, muyanike pamthunzi, mudzadye mfutso pa nthawi yosowa.

Mwana wa mayi aja anayambanso kukwera sikelo patapita miyezi ingapo. Sindinganene kuti ndi dimba lokha. Analandiranso mankhwala a njoka za m'mimba ndi vitamini A kusikelo, ndipo mayi ake sanajombeko mwezi ndi umodzi womwe. Dimba sililowa m'malo mwa chipatala. Mwana akatupa mapazi, akaonda kwambiri, tsitsi likayamba kufiirira ndi kusosoka, akamakana kudya kapena kuyamwa, kapena lamba woyezera pamkono akafika pofiira, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chiponde akapatsidwa ndi mankhwala ake, si chogawana ndi abale ake.

Ngati kwanu kulibe mjigo kapena malo, thumba lakale la feteleza lochapa bwino limakwana. Thiranimo dothi losakaniza ndi manyowa, boolani m'mbali, dzalani mpiru kapena bonongwe, muzithirira ndi madzi otsukira ndiwo ndi mpunga. Abambo, mpanda ndi kukumba mabedi zikudikira inu, ndipo mwana akaona bambo ake akudya masamba nayenso amadya.

Masiku ano pa sikelo tchati chija ndimachinyamulabe, koma m'thumba la yunifomu mumakhalanso timapepala tokulunga njere za bonongwe zochokera m'dimba lathu. Mayi aja ndi amene amasunga mbewu za gulu lonse tsopano, ndipo akandiona amaseka n'kunena kuti, "Anesi, yankho lija munachedwa nalo." Sabata ino kambiranani ndi anzanu awiri kapena atatu oyandikana nawo nyumba. Yambani ndi mpanda, kenako mupatse mwana aliyense mapando ake. Sikelo ya mwezi uno musaiwale.