Pulani ya Nyumba: Kodi Agogo Adzagona Kuti?



Chilimwe chikangofika, m'madera mwathu mumayamba kumveka fungo la mauvuni a njerwa ndi phokoso la amisiri. Ambiri mwa ife timaona makolo athu, achimwene ndi achemwali athu, ngakhalenso anzathu amene angomangitsa kumene ukwati woyera, akuyenda ndi pepala lopinda m'thumba. Pepala limeneli ndi pulani ya nyumba. Sabata ino tati tilingalire pamodzi za pepalali, pakuti mawa lino ndife amene tidzakhale pansi ndi wojambula mapulani. Mzere wa pensulo umafufutika ndi labala, koma ukasanduka khoma la njerwa ndi simenti umalamulira moyo wa banja kwa zaka makumimakumi.

Pulani imene tonse tinaizolowera ndi iyi. Poloti ndi ya mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali, monga mapoloti ambiri ogulitsidwa m'mphepete mwa mizinda yathu. Kumaso kuli khonde, ndipo munthu akalowa amafikira pabalaza lalikulu ndi podyera. Kenaka pali chipinda cha bambo ndi mayi chokhala ndi bafa ndi chimbudzi chakechake, zipinda ziwiri za ana, khitchini ndi kachipinda kosungiramo katundu. Ena amawonjezerapo galaja ya galimoto imene sanagule n'komwe. Kawirikawiri pulani yotereyi imakhala yokopera kwa mnansi kapena pa chithunzi cha pa WhatsApp, ndipo amene anaijambula poyamba ankaganizira banja la bambo, mayi ndi ana awiri kapena atatu basi.

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti, tikagawa mofanana, khomo limodzi m'Malawi limakhala ndi anthu pakati pa 4 ndi 5. Komatu tonse tikudziwa mmene nyumba zathu zimafufumira. Sukulu zikatsegulidwa kumabwera mwana wa azakhali. Matenda akagwa kumudzi, wodwala ndi womudwazika amafikira kwa m'bale wokhala pafupi ndi chipatala. Ukalamba ukawakulira agogo, ana amakawatenga. Choncho pulani ya nyumba imayankha funso limene sitilifunsa mokweza: kodi banja lathu ndani, nanga ndani amene tamukonzera malo?

Makolo athu akale analibe pepala, koma funso limeneli ankaliyankha bwino. Pakhomo pankakhala nyumba ya bambo ndi mayi, kuka kwa agogo aakazi kumene atsikana ankagona ndi kulandira mwambo, ndiponso gowelo kapena mphala ya anyamata. Khitchini inkakhala payokha, nkhokwe ndi khola chapambali, bwalo pakati. Munthu akawonjezereka pakhomo, ankadula mitengo, kumweta udzu, kuponda dothi, nyumba ina n'kuima. M'tauni zimenezi sizitheka. Malo ndi ochepa, khonsolo imafuna kuvomereza pulani, ndipo khoma lililonse limadya matumba a simenti. Kuka, gowelo ndi bwalo zonse ziyenera kulowa pansi pa denga limodzi, ndipo zikapanda kuganiziridwa maziko asanakumbidwe, wina adzasowa pogona.

Tiyambe ndi agogo. M'nyumba zambiri zatsopano malo awo amapezeka mochedwa, ndipo amathera ku boyizikota kuseri, kutali ndi macheza, kutali ndi chimbudzi, kumene akagwa usiku palibe angamve. Chikhalirecho zofunika kuwachitira n'zochepa ngati taziganizira pa nthawi yake. Chipinda chawo chiyandikane ndi bafa ndi balaza. Chitseko chikhale cha masentimita 90, choti njinga ya olumala ilowe popanda kukhula m'mbali. Ndi nzeru kukweza nyumba kuti madzi a mvula asalowe, ndipo amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023 sangapeputse njira ya madzi. Koma nyumba ikakwezedwa, khomo limodzi likhale ndi potsetsereka m'malo mwa masitepe okhaokha. Lamulo lachinayi lakuti tilemekeze atate ndi amayi athu timaliloweza pa katekisimu tili ana. Tsiku lina lidzatifunsa kuti chitseko chija tinachipanga chachikulu bwanji.

Wachiwiri ndi mwana amene sitinabereke ife. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mabanja ambiri m'parishi muno alera ana amasiye, makamaka kuyambira zaka zimene Edzi inatenga makolo ambiri. Koma ena mwa ife tikudziwa tanthauzo la kugona pabalaza. Umadikira kuti onse amalize kuonera kanema kuti uyale mphasa. M'mawa umadzuka ena onse asanadzuke kuti upinde zofunda. Ulibe poika makope ako, ulibe posinthira zovala. Palibe amene wakunyoza, koma makoma akukuuza tsiku ndi tsiku kuti ndiwe wongodutsa. Chipinda cha mamita 3 mbali zonse chimakwana mabedi awiri osanjikiza, kutanthauza ana anayi. Kuchepetsa balaza ndi mita imodzi kapena kusiya kaye galaja kungathe kupatsa mwana wotere bedi pakati pa anzake.

Pamenepa pali nkhani ina imene sitiyenera kuichitira manyazi. Nkhanza zambiri zochitikira atsikana, ngakhalenso anyamata, zimachitikira m'nyumba momwemo, ndipo wozichita amakhala munthu wodziwika pakhomopo. Pulani siingasinthe mtima woipa, koma ingathe kuuchepetsera mpata. Atsikana akhale ndi chipinda chawo chotsekeka ndi m'kati, choyandikana ndi cha makolo, ndipo chisakhale njira yopitira kwina. Mlendo wamwamuna asagonekedwe m'chipinda cha ana chifukwa choti malo ena palibe. Akuluakulu amene analekanitsa kuka ndi gowelo ankadziwa chimene ankachita.

Wachitatu ndi wantchito wa pakhomo. Nthawi zambiri amakhala mtsikana wochokera kumudzi, wa msinkhu wathu womwewu. Iye ndiye woyamba kudzuka ndi womaliza kugona, koma pa pulani sapezekapo. Amagona m'khitchini, kapena m'kachipinda ka katundu kopanda zenera, pakati pa matumba a chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe. Lamulungu timakhala naye benchi limodzi m'tchalitchi ndi kulandira naye Ukaristia umodzi. Ngati tikudziwa kuti banja lathu lidzafuna wotithandiza, tijambuliretu chipinda chake, chokhala ndi zenera, chitseko ndi loko.

Tisaiwale khitchini. Mapulani ambiri amakambidwa ndi bambo ndi mmisiri ataima pa poloti, pamene munthu amene adzathere maola ambiri m'nyumbamo sanafunsidwe. Zotsatira zake ndi khitchini yaing'ono yoyenera sitovu ya magetsi yokha, pamene tonse tikudziwa kuti magetsi akazima timabwerera ku mbaula. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo utsi wa nkhuni umawononga mapapo a amayi ndi makanda amene ali kumbuyo. Khonde lakuseri lofoleredwa, lopita mphepo, loyandikana ndi mpopi, ndi lofunika kuposa matailosi a pabalaza. Amayi akadafunsidwa akadanenanso kuti chipinda chogona chimene zenera lake lalikulu layang'ana kumadzulo chimasanduka uvuni mu Okutobala, ndiponso kuti chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30. Mutu umodzi susenza denga. Mwamuna ndi mkazi amene analonjezana pa guwa kuti adzagawana moyo wonse ayenera kugawananso pensulo.

Tsono tibwere pa balaza. Ambiri timalikulitsa kuti alendo agome, kenaka timalidzaza ndi masofa akuluakulu ndi kabati ya magalasi mpaka posowa poponda. Ife Akatolika a kuno tili ndi chifukwa china choliganizira bwino. Kuyambira 1973 mpaka 1975, Ambuye Patrick Kalilombe anatsogolera sinodi ya dayosizi ya Lilongwe imene inakhazikitsa miphakati, ndipo mu 1976 aepiskopi a m'chigawo cha AMECEA anagwirizana kuti magulu aang'onoang'ono a akhristu akhale maziko a moyo wa Mpingo. Kuyambira pamenepo Mpingo umasonkhana m'makomo mwathu. Mphakati, kapena limana monga amanenera anzathu ena, ukafika pakhomo pathu, kodi anthu 20 adzakhala pati? Khonde lotakasuka lolumikizana ndi balaza, kapena mtengo wa mango wosiyidwa dala pabwalo, zimayankha funso limeneli mosadula. Msonkhano Wachiwiri wa Vatikano, m'chaka cha 1964, unaphunzitsa kuti banja lili ngati Mpingo wa m'nyumba. Ngati ndi choncho, pakhale pangodya pena poika mtanda, Buku Loyera ndi kandulo, pamene banja lingagwade pa Kolona popanda kuyamba lasuntha mipando yonse imene inayang'anitsidwa ku kanema.

Pali mlendo winanso amene sitikonda kumutchula. M'nyumba imene tikumangayo wina adzadwala, ndipo bambo mfumu adzabwera ndi mafuta oyera. Wina adzamwalira, ndipo amayi adzagona m'nyumbamo usiku wonse akuimba. Amisiri odziwa ntchito amachenjeza za kolido yopapatiza yokhala ndi ngodya yakuthwa, pakuti machira ngakhale bokosi sizikhota pamalo otere. Kuganizira zimenezi si kuitana tsoka ayi. Ndi kuvomereza kuti nyumba ya mkhristu imalandira moyo wonse, kuyambira tsiku lotulutsa mwana m'chikuta mpaka tsiku lomuperekeza munthu kumanda.

M'buku lachiwiri la Mafumu, mutu 4, timamva za mayi wina wa ku Sunemu amene ankaona mneneri Elisa akudutsa kawirikawiri. Mayiyu anakambirana ndi mwamuna wake, ndipo anamumangira kachipinda kapamwamba, naikamo bedi, tebulo, mpando ndi nyale. Zinthu zinayi zokha, koma zinali zokwanira kuti munthu agone, akhale pansi, adye ndi kuona usiku. Chimene chimatikhudza n'chakuti malowo anakonzedwa dala, mlendoyo asanapemphe. Tikamafika pa Khrisimasi timamva chisoni kuti Maria Woyera ndi Yosefe Woyera anasowa malo ku Betelehemu. Tizikumbukira kuti nyumba imakana kapena kulandira mlendo kalekale, tsiku limene inajambulidwa.

Wina anganene kuti zonsezi n'zokoma kumva, koma ndalama zili kuti? Funso limeneli ndi loona. Ambuye Yesu mwini wake, pa Luka mutu 14, amatiphunzitsa kuti wofuna kumanga ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake, ndipo m'madera mwathu muli zigoba zambiri zimene zinaima pa mawindo n'kumera udzu. Sitikunena kuti aliyense amange zipinda zisanu ndi chimodzi. Tikunena kuti nyumba ijambulidwe yonse, koma imangidwe pang'onopang'ono. Iyikidwe chambali pa poloti, kuti mtsogolo padzapezeke powonjezera. Denga likhale losavuta kulumikiza, ndipo kolido ithere pa khoma limene lingadzabooledwe. Zambiri mwa zimene tatchulazi, monga kukula kwa chitseko, mbali ya zenera ndi kuyandikana kwa zipinda, sizifuna ndalama zoonjezera zambiri. Zimafuna kuti wina aziganizire pa nthawi yake.

Winanso anganene kuti nyumba yotsegukira aliyense imasanduka depoti, ndipo mwamuna ndi mkazi amasowa mpata wokambirana zawo. Izinso n'zoona. Ukwati ndi sakramenti, ndipo uyenera kutetezedwa ngakhale kwa achibale. Koma pulani yabwino ndiyo imathandiza pamenepa. Mlendo amene ali ndi malo ake sasokoneza banja monga amachitira amene wagonekedwa pakhomo pa chipinda cha eni nyumba. Kumukonzera munthu malo ndi kumuikiranso malire.

Nanga ife achinyamata, amene ambiri tilibe ngakhale njerwa imodzi, tichitepo chiyani? Choyamba, ngati kwathu kukumangidwa, tipemphe mwaulemu kuti tione pulani, ndipo tifunse za agogo, za alongo athu ndi za wantchito. Chachiwiri, amene tili pa chitomero tikambirane nkhaniyi tisanafike pa guwa: kodi makolo a mbali zonse ziwiri akadzakalamba adzakhala kuti? Mabanja ambiri amagwedezeka pa funso limeneli chifukwa analipeza mwadzidzidzi. Chachitatu, amene tikuphunzira zomangamanga, ukalipentala kapena kujambula mapulani tidziwe kuti ntchito yathu ndi utumiki. Mawu amodzi a mmisiri kwa mwini nyumba angathe kupatsa nkhalamba chipinda. Chachinayi, ngakhale m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri tingathe kuyang'ana lero lomwe kuti ndani amagona malo oipitsitsa, ndi kudzifunsa ngati ziyenera kukhala choncho.

Pa msonkhano wathu wa Lamulungu likubwerali, aliyense abwere ndi pepala limene wajambulapo nyumba imene amailota. M'chipinda chilichonse alembemo maina a anthu amene adzagonemo. Tidzaonera pamodzi amene tawakumbukira ndi amene atsala panja.

Tipemphere. Inu Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete ndi msungi wa Banja Loyera, pemphererani onse amene akumanga ndi onse amene alibe pogona. Tipemphereni nzeru zowerengera chuma chathu ndi mtima wowerengera abale athu, kuti m'nyumba zathu wokalamba, wamasiye, wantchito ndi mlendo apeze malo. Amen.

Mulungu akudalitseni nonse m'sabata imeneyi.